Ndinalemba Kuti a Mhango Anali Chidakwa

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinaipitsa dzina la munthu pamaso pa anthu odzaza bwalo, ndipo anthuwo anandiombera m'manja.

Nthawi imeneyo tinkakhala kufupi ndi Mhuju, m'boma la Rumphi. Kwathu kwenikweni ndi ku Dedza, koma bambo anga ankagwira ntchito pa kachipatala ka kumeneko, ndipo anthu ankangowatchula kuti adokotala ngakhale sanali dokotala weniweni. Tinafika ndili Sitandade 5. Chitumbuka ndinkachimva mwa apo ndi apo, koma ndikati ndiyankhule, anzanga ankafa nako kuseka n'kumabwereza mawu anga mpaka poweruka. Amene sankaseka anali mtsikana mmodzi yekha, Lusungu, mwana wa a Mhango, ahedi a sukulu yathu. Iye ndi amene anandiphunzitsa kunena yewo, zikomo wa Chitumbuka, pamalo pake, ndipo masana ambiri ndinkakadya kwawo.

A Mhango anali aatali, owonda, ovala jekete ya bulawuni ngakhale mu Okutobala. Anali mkulu wa mpingo. Ali mnyamata ankafuna ubusa, moti anaphunzirako Chigiriki pang'ono, koma zinthu sizinayende monga ankafunira ndipo analowa uphunzitsi. Chimene anatsala nacho pa maloto amenewo chinali buku limodzi lonenepa la Chingerezi, lothothoka chikuto, limene amayi a Lusungu analimata nsalu ya chitenje pamsana. Mapepala ake anali achikasu, onunkhira fumbi ndi mankhwala a njenjete.

Lachisanu lililonse, ola lomaliza, ankalowa m'kalasi mwathu atapanira bukulo m'khwapa. Linali la mafumu akale a mzinda wa Konsitantinopo, kumene anthu ankayankhula Chigiriki, zaka mazanamazana atumwi atamwalira kale. Ankawerenga chiganizo chimodzi, n'kutseka bukulo chala chili m'kati, n'kuyamba kufotokoza m'Chitumbuka. Akamaliza ankatembenukira kwa ine.

"Nyabanda, wamva?"

Kwathu ndine Nabanda, koma iwo ankanditchula mwa Chitumbuka. Ndikapukusa mutu ankabwereza nkhani yonse m'Chichewa chawo chokweza ndi kutsitsa mawu, chifukwa cha mwana mmodzi.

Anyamata ankakonda nkhondo, ndi mafumu amene ankakolowoledwa maso akalandidwa mpando. Ine ndinkakonda anthu amene ankalemba zimenezo. A Mhango anatiuza kuti ena anali alembi a kunyumba ya mfumu, ena anali amonke odzipatula m'nyumba za mapemphero, ndipo mmodzi anali mayi, mwana wa mfumu, amene analemba mbiri ya bambo ake iye atakalamba. Ankalemba mfumu ndi mfumu: mmene inakhalira pampando, zimene inamanga, adani amene inalimbana nawo, maonekedwe ake, ndi mmene inathera. Mlembi wina akafa, wina ankayambira pamene mnzake analekezera. Mafumu ambiri anali ndi maina owonjezera, ndipo panali imodzi imene inkatchedwa Chidakwa. Tsiku limene a Mhango anaitchula kalasi yonse inaseka, iwonso anamwetulira.

Ndili Sitandade 7 zinthu zinasintha. M'mawa wina wa mu Juni, kamphepo kozizira kochokera ku Nyika kakutiluma m'miyendo, a Mhango ankalengeza za mayeso pa asembule. Mwadzidzidzi mawu awo anayamba kupiringizana. Thukuta linatuluka pamphumi kuzizira konseko, manja akunjenjemera. Anadzandira, n'kugwira mtengo wa mbendera, n'kumayankhulabe zosamveka atauyang'ana, kenaka anakhala pansi pafumbi. Aphunzitsi awiri anawanyamulira ku ofesi. Zimenezi zinachitikanso kawiri teremu yomweyo. Kumsika ndi kuchigayo nkhani inali imodzi, yakuti mkulu wa mpingo amamwa mobisa. Chaka chisanathe tinauzidwa kuti ahedi apuma pantchito, ndipo anasamukira m'kanyumba kawo kuseri kwa msika.

M'malo mwawo munabwera a Chirambo, bambo wachinyamata wa njinga yamoto, wochangamuka, amene m'miyezi yochepa anapaka penti makalasi onse. Ine kwa Lusungu sindinaleke kupita. Tsiku lina a Mhango anandipatsa buku lija m'manja n'kunena kuti ndikawerenge kunyumba, ndisamapinde mapepala. Lusungu anandinong'oneza kuti ngakhale achimwene ake sanaloledwepo kutuluka nalo pakhomo.

Chaka chotsatira sukulu yathu inakonza chikondwerero chokumbukira kuyambika kwake. A Chirambo anandiitanitsa ku ofesi, mmene munkanunkhabe penti.

"Iwe Chichewa ndi chako," anatero. "Mlendo wathu wolemekezeka samva Chitumbuka. Ulembe mbiri ya sukulu ino, ndipo udzaiwerenge wekha pamaso pa anthu."

Ndinatuluka mtima ukudumpha. Kwa zaka zinayi chiyankhulo changa chinali choseketsa anthu, ndipo tsopano chinali choti chindiimike kutsogolo. Nthawi yomweyo ndinadziwa mmene ndilembere. Ndinkafuna kulemba ngati alembi a Chigiriki aja, ahedi ndi ahedi ngati mfumu ndi mfumu. Kwa milungu iwiri ndinayenda kwa akuluakulu a mpingo ndi kope langa, kufunsa za ahedi oyamba amene ankaphunzitsira pansi pa mtengo, ndi achiwiri amene anaumbitsa njerwa. Gawo lililonse ndinkaliyamba ndi mawu akuti, "Mu ulamuliro wa..." Za a Mhango ndinalemba tsamba lathunthu: mabulugamu amene anabzalitsa kuti atchinge mphepo, atsikana amene anakawatenga kumakomo kwawo makolo atawaletsa sukulu, ndi nkhani za Lachisanu.

A Chirambo anawerenga zonse atatsamira mpando.

"Zabwino chomene," anatero. "Koma ya a Mhango yatalika. Ndiponso anthu adzafunsa kuti nanga ngati zonse zinali bwino chonchi, anachokeranji? Mbiri imafuna kunena zoona, si choncho?"

Ndiyenera kunena mwachilungamo kuti sananene zoposa pamenepa. Sanandiuze mawu oti ndilembe. Ine ndinangoyang'ana nkhope yawo n'kudziwa chimene chingawakondweretse, ndipo ndinkafuna kuwakondweretsa. Ndinkafunanso kuti tsiku limodzi lokha anthu a kumeneko aseke chifukwa ndawaseketsa dala. Madzulo ake ndinang'amba tsamba lija. M'malo mwake ndinalemba mizere itatu, ndipo ndimaikumbukira mpaka lero: "Kenaka kunabwera ulamuliro wa Mhango Chidakwa, amene ankacheza ndi mtengo wa mbendera m'mamawa, mpaka mtengowo unatopa kumugwira." Pansi pake ndinalemba kuti mu ulamuliro wa a Chirambo dzuwa linatulukira sukulu yathu. A Chirambo atawerenga anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kundibwezera pepalalo osasintha kanthu.

Ndakhala ndikudzifunsa ngati ndinkakhulupirira zimene ndinalembazo. Yankho lake ndi lowawa. Ndinadya m'nyumba imeneyo kambirimbiri, ndipo fungo la mowa sindinalimvepo. Ndinkaona amayi a Lusungu akuwathirira tiyi wopanda shuga, pamene a Mhango m'thumba la jekete ankasunga maswiti amene sankagawira mwana aliyense. Ndinali mwana wa munthu wa kuchipatala, ndikanangofunsa. Sindinafunse, chifukwa chiganizo changa chinali chokoma, ndipo ndinkaopa kuti yankho lingachiwononge.

Tsiku la chikondwerero kunacha bwino. Anamanga chisakasa cha udzu pabwalo la mpira, amayi a mpingo anabwera atavala zoyera ndi zakuda, ndipo kwaya yathu inaima kumbali, Lusungu ali mzere wakutsogolo. A Mhango anaitanidwa ngati ahedi akale. Anakhala pamzere wachiwiri, jekete itasitidwa, chipewa chili pabondo. Nditatchula koyamba kuti "Mu ulamuliro wa," ndinawaona akudzutsa mutu. Anazindikira kumene ndinatenga kalembedweko, ndipo nkhope yawo inawala. Anagwedeza mutu n'kugunyuza munthu amene anakhala naye, ngati akumuuza kuti mwana uyu ndi wanga.

Pamenepo ndikanatha kulumpha mizere itatu ija. Palibe akanadziwa kupatula a Chirambo. Ndinaiona ikubwera m'munsi mwa tsamba. Ndinaiwerenga mokweza, ndipo ndinaima pang'ono pa mawu akuti Chidakwa monga ndinayeserera kunyumba.

Kuseka kunayambira kumbuyo, kwa anyamata, n'kufalikira bwalo lonse. Ena anaimba mluzu. Mlendo wolemekezeka anabisa pakamwa ndi kansalu. Nditamaliza anthu anaomba m'manja nthawi yaitali, ndipo mayi wina amene sindinkamudziwa anandivinira n'kundikumbatira. A Mhango sanachoke ndili pakati. Anadikira mpaka ndinakhala pansi, kenaka anaimirira, anavala chipewa, n'kudutsa pang'onopang'ono m'mbali mwa chisakasa kulowera kumsewu. Lusungu anatuluka mumzere wa kwaya n'kuwatsatira. Sanandiyang'ane.

Bambo anga analipo. Titafika kunyumba sanandimenye, ngakhale ndinkalakalaka akanatero kuti zithe. Anakhala pampando, nsapato asanavule, n'kundiuza kuti ndiwerengenso mizere ija. Ndinawerenga. M'chipinda chopanda oseka mawuwo anamveka ena.

"Unawaona a Mhango akumwa?"

"Ayi."

"Anakuuza ndani?"

"Anthu amanena."

"Anthu ake ati? Nditchulire mmodzi."

Bambo anapumira m'mwamba. "Za odwala anga sindiuza munthu, ngakhale iwe. Mawa m'mawa utenge pepala lakolo upite nalo kwa eni ake a dzinalo."

M'mawa mwake ndinanyamula pepala ndi buku lija. Njira ya kuseri kwa msika ndinkaidziwa ngati ya kwathu, koma tsiku limenelo inatalika. Amayi ogulitsa tomato anandizindikira n'kuyamba kuseka, wina akufuula kuti, "Ndi uyu wa mtengo wa mbendera uja!" Lusungu ndinamupeza akusesa pabwalo. Anaima, tsache lili m'manja, maso ali otupa.

"Adada amadwala shuga," anatero m'Chichewa, kuti ndisaphonye liwu lililonse. "Mankhwala awo amakatenga kwa bambo ako. Iwe umadya m'mbale mwathu. Ukufunanso chiyani pano?"

Ndisanayankhe, mawu anachokera pakhonde. "Musiye alowe."

A Mhango anali pa mpando wawo wa nsungwi, lichero lili pamiyendo, akuswa mtedza. Sanavale jekete, ndipo ndinaona koyamba kuwonda kwa mikono yawo. Ndinagwada patali n'kuyamba kupepesa.

"Khala pa mkekapo, Nyabanda," anatero. "Kalembedwe kako n'kabwino chomene. Dzulo ndinamva buku langa likuyankhula Chichewa."

Akanandikalipira zikanandipepukira. Ndinayamba kulira, ndipo m'kulira momwemo ndinayesa kudzipulumutsa. Ndinati a Chirambo ndi amene ananena kuti gawo lawo latalika.

"Anakugwira dzanja polemba?"

"Ayi, ahedi."

"Ndiye tiwasiye a Chirambo." Anaswa mtedza wina, n'kuponya makoko pansi. "Mfumu ija ya Chidakwa ukuikumbukira? Bukulo wakhala nalo nthawi yaitali. Inafa bwanji?"

Ndinayankha kuti inaphedwa ndi mnzake wapamtima, amene iyo yomwe inamukweza, ndipo wakuphayo ndi amene analowa ufumu.

"Nanga amene analemba mbiri yake ankadya kwa yani?"

Funso limenelo ndinali ndisanaliganizepo.

"Ankadya kwa ana ndi adzukulu a wakuphayo," anatero. "Mfumu yophedwayo ikanakhala yabwino, ndiye kuti agogo awo anali chigawenga. Ndiye inayenera kukhala chidakwa. Mwina inkamwadi, ine kunalibe. Koma anthu ophunzira amakayikira ngati inali yoipa monga analembera, ndipo kupeza zoona n'kovuta, chifukwa olemba ambiri anali a mbali imodzi. Zaka zoposa chikwi zapita, munthuyo akudziwikabe ndi dzina limene adani ake anamupatsa." Anaika lichero pansi. "Zimenezi ndinayenera kukuuzani tsiku lija m'kalasi. Ndinaona mukuseka, inenso ndinaseka, belu n'kulira. Pamenepo ndinalakwa ndine."

Palibe chilango chimene ndinalandirapo chimene chinandiwawa ngati kumva munthu amene ndinamunyoza akudzitengera gawo la mlandu wanga.

Kenaka anandifotokozera za matenda awo mosabisa, ngati akuphunzitsa. Anati mankhwala a shuga amafuna munthu adye, ndipo masiku amene ankathamangira kusukulu osadya kanthu, shuga ankatsika kwambiri m'thupi, mutu n'kusokonezeka, miyendo n'kufooka. Maswiti aja anali a nthawi ngati imeneyo. Iwo anauza akuluakulu a komiti ya sukulu, koma ana ndi makolo sanafune kuwauza, poopa kuti azidzawayang'ana ngati munthu wakufa kale.

"Ndinkaganiza kuti mphekesera ikasowa woidyetsa imafa yokha," anatero. "Dzulo iwe waipatsa pepala."

Ndinafunsa chimene ndingachite. Anati ndilembenso, koma osati zowatamanda. Ndilembe zimene ndinaona ndi maso anga, ndi zimene ndinamva, ndipo pa chilichonse chakumva nditchule amene anandiuza. Anati alembi abwino mwa Agiriki aja ankasiyanitsa zimene anaona okha ndi zimene anangouzidwa. Buku ndinafuna kubweza, koma anakana, amvekere sindinalimalize. Pochoka, amayi a Lusungu anandipatsa mtedza m'kapepala monga ankachitira masiku onse. Lusungu sanatuluke kudzandiperekeza.

Ndinalembanso. Ndinabwezeramo mabulugamu ndi atsikana aja, ndinalemba za kugwa pa asembule monga ndinakuonera, ndi za matenda monga eni ake anandiuzira atandilola kutero. Pamapeto ndinalemba kuti zimene ndinawerenga pa chikondwerero zinali zabodza. Lolemba ndinapita nazo kwa a Chirambo n'kupempha kuti ndiwerenge pa asembule. Anawerenga mwachangu, nkhope itauma.

"Chikondwerero chinatha, mwana iwe. Mayeso ali pafupi. Zisiye pano."

Anaika pepalalo m'dirowa. Ndikanatha kuimirira ndekha pa asembule n'kuyankhula popanda chilolezo. Ndikanatha kupempha abusa kuti ndinene mawu awiri Lamulungu. Ndinaganizapo zonsezi, koma ndinachita mantha, ndipo ndinadziuza kuti mbali yanga ndachita. Ndinauza anzanga atatu kapena anayi. Mmodzi anandiyankha kuti, "Aa, koma ija inali yokoma."

Ndinakhoza mayeso n'kupita kusekondale yogonera komweko. Ndili Fomu 3 bambo anandilembera kuti a Mhango amwalira, ndipo anandipempherera chilolezo kuti ndikakhale nawo pamaliro. Anthu anabwera ambiri. Abusa analalikira za utumiki wawo, ndipo amayi ena amene a Mhango anawabwezera kusukulu ali atsikana analira kwambiri. Popita kumanda ndinayenda kumbuyo kwa abambo awiri amene sindinkawadziwa, akucheza motsitsa mawu.

"Munthu wabwino, koma mowa ndi umene wamumaliza," anatero mmodzi.

"Ena amati ndi shuga."

"Shuga wa chiyani? Zinachita kuwerengedwa pagulu, mlendo wa boma ali pompo. Zinalembedwa zimenezo."

Ndinali pafupi moti ndikanatha kumukoka malaya. Ndinatsegula pakamwa, koma ndinaona kuti kuti ndimutsutse ndiyenera kunena kuti wolembayo ndine, pamaliro a munthuyo, achibale ake ali patsogolo pathu. Ndinachepetsa liwiro mpaka abambowo anatalikira. Kumeneko kunali kukhala chete kwanga kwachiwiri, ndipo pamenepo ndinali ndisalinso mwana wa pulayimale.

Lusungu tsopano ndi namwino. Tinakumanapo kangapo ku Mzuzu, timapatsana moni mwaulemu, timafunsana za ana. Anandiuza kuti anandikhululukira kalekale chifukwa adada ake anamuuza kutero, ndipo ndimamukhulupirira. Koma sitinadyerenso m'mbale imodzi.

Ine ndine mphunzitsi, ndipo kumapeto kwa teremu iliyonse ndimalemba ndemanga pa malipoti a ana. Anzanga amandidandaula kuti ndimachedwa nazo. Ndikafuna kulemba kuti mwana uyu ndi waulesi, dzanja limaima, ndipo ndimayamba kudzifunsa ngati ndinaona ndekha kapena ndinangomva m'chipinda cha aphunzitsi, ndiponso kuti ndikufuna kukondweretsa ndani. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti kupepesa kwanga kunamveka pakhonde limodzi, pamene bodza langa linamveka pabwalo lonse, ndipo amene analimva anapita nalo ku Katowo, ku Boma ndi kwina kumene sindidzafikako. Kale ndinkadzitonthoza kuti ndinali mwana. Koma mwanayo ankadziwa zimene ankachita, ndipo anapatsidwa mipata iwiri yokonza, yonse anaitaya chifukwa cha mantha.

Mwina alipo wina amene anali pabwalo lija tsiku limenelo, kapena amene anamva nkhaniyi kwa makolo ake. Ngati mukuwerenga, ine ndi mtsikana wa ku Dedza uja amene munamuombera m'manja. A Mhango sankamwa mowa. Ankadwala shuga. Ine ndinanama.